Anathira Mchere Ndani?

Ine sindine munthu wa mawu ambiri. Sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi. Ndikulemba izi chifukwa amene anaziona akutha, ndipo adzukulu anga amaganiza kuti nkhondo ija ndinaipulumuka ndi mphamvu zanga. Si choncho.

Tinafika ku Tete nkhondo itafika poipa. Kwathu ku Angoniya anatitenthera nyumba ndi nkhokwe. Abale ambiri anathawira ku Malawi. Ine ndi mkazi wanga tinakwera koluna, magalimoto aja ankayenda mondondozana, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. Tinatsikira pamlatho wa Zambezi, mwana wakhanda ali kumsana. Ine ndinayamba kusenza matumba pamsika. Mkazi wanga ankagulitsa masamba.

Eni mzinda sankatifuna. Ankatitchula a mbatata, poti kwathu ndi kolima mbatata. Ankati masana timagulitsa kabichi, kukada timalozera njira a kuthengo, zigawenga zija. Galimoto ikaphedwa pamsewu, m'mawa mwake pamsika palibe ankatiyankha moni. Sindiwada kwenikweni. Nawonso ankaika ana awo m'manda sabata ndi sabata, ndipo munthu wolira amafuna womuloza chala.

Panali mayi wina wa kwathu, wa mudzi woyandikana ndi wathu. Anali ndi dimba la matimati ku Nhartanda, kuchigwa kumene anthu amakumba zitsime mumchenga. Anakwatiwa ndi mwini mzinda, wa milisiya, aja ankapatsidwa mfuti kuti azilondera bairo, ndiye kuti dera lathu la mumzinda. Mwamunayo anali ndi mkazi winanso kutsidya kwa Zambezi. Kwa mayi wa matimati ankabwera akafuna.

Lolemba lina dzuwa likupendeka mkazi wanga anati, “Bambo a mwana, mawa ndi mkuja mukathirireko matimati a mnzanga uja.”

“Manja ake athyoka?”

“Mukathirire basi. Chitini chake ndi icho, wasiya.”

“Chifukwa chake?”

“Si za amuna.”

Ndinang'ung'udza. Koma ndinavomera.

Masiku amenewo kunali lamulo loti munthu asatuluke kunja kusanayere. Oyenda mumdima anali a milisiya okha. Ndinadikira kuyere, ndinatenga chitini chothirira chija, ndinatsikira kuchigwa.

Ndinamupeza pakati pa mizere ya matimati ake. Anagona cham'mbali, khasu pafupi. Khutu limodzi panalibe. Kudula makutu inali ntchito ya a kuthengo, ndi mwana yemwe ankadziwa.

Pamenepo ndinachita chopusa. Sindinathawe. Ndinaima pomwepo, chitini cha wakufa m'manja, ndikukuwa kuti anthu abwere. Anabweradi.

Za kumenyedwa sindinena zambiri. Mano awiri anatsala ku Nhartanda. Anandikokera ku ofesi ya bairo, kwa sekeletaliyo. Anali munthu wamfupi, wa zolembera zitatu m'thumba la malaya.

“Unkatani m'dimba la mkazi wa mwini?”

“Ndinatumidwa kuthirira, kamarada.”

“Chifukwa chiyani sanathirire yekha?”

“Sindidziwa.”

Onse anaseka. Mwamuna wa malemu anali pabenchi, mutu uli m'manja. Ananena zake modekha. Anati Lolemba madzulo mkazi wake anaphika, anadyera limodzi, anagona. Kutayera mkaziyo anatenga khasu, akuti munthu wa kwawo akumufuna kudimba. Munthu wa kwawoyo ndiye ine. Anati ndinamuitanira a kuthengo chifukwa anakwatiwa ndi wa milisiya.

Sekeletaliyo analemba pepala. Anati kamiyau, lole ya asilikali, ibwera Lachisanu kudzanditenga. Ndinali nditaonapo anthu akukwera kamiyau imeneyo. Wotsikamo sindinamuonepo.

Ananditsekera m'kachipinda kosungiramo simenti kuseri kwa ofesi. Denga la malata, zenera palibe, kabowo kamodzi kokha pansi pa khoma kolowera mpweya. Amene amadziwa kutentha kwa Tete mvula isanagwe adziwa chimene ndikunena. Thukuta linasakanikirana ndi fumbi la simenti, khungu linayamba kusuka.

Masana mkazi wanga anagwada pa kabowo kaja.

“Bambo a mwana, mukupuma?”

“Ndikupuma.”

“Ndawauza a sekeletaliyo kuti ndinakutumani ndine. Akuti mawu a mkazi ndi mawu a mwamuna wake, sawerengedwa.”

“Tsopano undiuze. Chifukwa chiyani sanathirire yekha?”

Anayandikitsa pakamwa pa kabowo. Kenako ananong'ona. “Anali kumwezi.”

“Ndiye?”

“Ndiye chiyani! Mkazi wa kumwezi salowa m'dimba la matimati, maluwa amayoyoka. Uja ankasunga mwambo kuposa tonse. Ngakhale mbuzi zikanalowa, akanaima kumpanda n'kumakuwa. Sanapite yekha kumeneko. Wina anamunyamula.”

Zimenezo ndinazimva koyamba tsiku limenelo, ndili ndi zaka zoposa makumi atatu. Sizinandipatse mtima. Ndani akanamvera zoterezo pa ofesi?

“Tenga mwana,” ndinatero. “Koluna ikudzayi ukwere. Pita ku Malawi kwa alongo ako.”

“Imwani madzi awa, musiye zolankhula.”

Anakankhira botolo pa kabowo, anapita.

Pamsika panali mayi wina wamkulu, mwini mzinda, wogulitsa nsomba zouma zamchere. Wamtali, wouma ngati nsomba zakezo, fodya wa m'mphuno nthawi zonse. Ndiye ankasambitsa mitembo ya akazi m'bairo monse. Ankatida poyera. Mwana wake anaphedwa pamsewu wopita kwathu, ndipo anathamangitsapo mkazi wanga kawiri pamalo ogulitsira. Lachitatu m'mawa ndinamva mawu ake pa kabowo.

“Iwe wa mbatata, sunafe?”

“Ndilipo, amayi.”

“Usanditchule amayi, sindinabereke mbatata. Mkazi wako wagona pakhomo panga ngati galu. Ndati ndidzakuone. Tulutsa manja.”

Ndinatulutsa. Anawatembenuza, anakanda m'zikhadabo, anakwinya mkono wa malaya kuyang'ana m'mikono.

“Palibe wakukala,” anatero. Sankalankhula ndi ine. Ankauza mkazi wanga amene anali pambali pake. “Uja anali ndi khungu la munthu m'zikhadabo. Anamenya nkhondo asanafe.”

“Ndiye mwaona, amayi,” anatero mkazi wanga.

“Ndaona manja basi. Khala chete.” Anakoka fodya. “Nkhondo ino ndasambitsa ambiri. Khutu la munthu wamoyo limataya magazi mpaka paphewa. Lija linali louma, analidula atafa kale. Pakhosi panali zala. Mapazi oyera, opaka mafuta ngati wokagona. Ndani anatsikapo ku Nhartanda n'kufika ndi mapazi oyera? Ndipo kapulana yake, nsalu ya m'chiuno, inali yomanga mfundo, ngati thumba la makala. Mkazi amapisira nsalu m'chiuno, samanga mfundo. Anamuveka ndi mwamuna.”

“Kawauzeni a sekeletaliyo,” ndinatero.

“Ndawauza kale, chitsiru iwe. Akuti ntchito yanga ndi madzi ndi sopo.”

Anakokanso fodya. Ndinkamva akuyetsemula. Kenako anafunsa mkazi wanga, “Mwanawe, ukuti anali kumwezi. Inenso ndinaona. Nanga ndiwo za Lolemba madzulo anamuthirira mchere ndani?”

Ichi chokha ndinkachidziwa. Mkazi wa kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaopa kudula a m'nyumba. Amaitana mnzake kuti amuthirire. Kwathu ndi choncho, ndipo eni mzinda nawonso ankatero.

“Amene anathira mchere anaona amene anali pakhomo,” anatero mayi wa nsomba. “Dzuka. Tiye.”

Anabwerako dzuwa lili pamutu. Anamupeza. Anali mtsikana wongokwatiwa kumene, woyandikana nyumba ndi malemu, mpanda umodzi wa bango pakati. Anavomera kuti anathira ndiye. Anati wa milisiya madzulo amenewo kunalibe, chakudya chake anachivundikira pambale. Anati pambuyo pake anamva chitseko, anamva mawu, anamva mphika ukugwa. Kenako zii.

“Anena pa ofesi?” ndinafunsa.

“Akukana,” anatero mkazi wanga. “Akuti mwamunayo ali ndi mfuti, ndipo mpanda ndi wa bango. Akuti afere wa mbatata chifukwa chiyani?”

Sindinamuimbe mlandu mtsikanayo. Inenso ndikanakana.

Lachinayi akazi awiri aja anayenda chitsime ndi chitsime, kuyambira kumtunda mpaka kufupi ndi Mpadue. Mayi wa nsomba anasiya malonda ake tsiku lonse, chinthu chimene sanachitepo ngakhale pa maliro a mwana wake. Iye ankafunsa m'Chinyungwe. Mkazi wanga ankangosenza ndowa kumbuyo kuti aziwoneka ngati otunga madzi. Pa chitsime china anapeza chimene ankafuna. Akazi oyamba kufika pamenepo Lachiwiri m'mawa anapeza wa milisiya akutsuka kalinyu, kangolo kaja ka gudumu limodzi. Anamuseka mobisa. Munthu amene sanatungepo ndi kapu yomwe ya madzi, lero watsuka kalinyu mpaka kunsi? Atamva za maliro anasiya kuseka.

Mkazi wanga anabwera madzulo mawu atamuthera.

“Onse akudziwa,” anatero. “Palibe wofuna kunena.”

“Basi. Mwayesa.”

“Mayi uja wawatukwana onse, mmodzi mmodzi, ndi amayi awo omwe. Akungoyang'ana pansi.”

Ndinavula lamba, ndinamukankhira pa kabowo. Anali wa bambo anga. Ndinati adzamupatse mwana akadzakula. Mkazi wanga anamubweza. Ndinamukankhiranso. Anamubwezanso. Kachitatu anamutenga, ndipo ndinamva akulira chapansipansi, mwana nayenso anayamba. Ndinamukalipira kuti achoke. Sindinkafuna kumva.

M'kachipindamo munali chingwe chosokera matumba. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Denga linali lalifupi kwambiri. Ndi chifukwa chokhacho chimene sindinadzimangirire.

Lachisanu kamiyau inabwera cha m'ma nove ora, naini koloko m'mawa. Anandimanga manja ndi waya. Amene anandikankhira pamwamba anali mwamuna wa malemu mwiniwake, mfuti paphewa, malaya a manja aatali atamanga mabatani mpaka m'khosi, kutentha konse kuja. M'kamiyaumo munali kale amuna atatu ochokera m'mabairo ena, omangidwa ngati ine.

Ndinafunafuna mkazi wanga ndi maso. Panalibe. Ndinati bwino, wamvera, wapita.

Kamiyau inalira, inayenda pang'ono, inaima pachipata. Ndinadzuka kusuzumira. Pakati pa msewu panakhala akazi awiri, miyendo atatambasula. Mayi wa nsomba ndi beseni lake la nsomba. Mkazi wanga ndi mwana pamiyendo. Awiri okha. Ena anali ataima patali m'mithunzi ya nyumba, madengu pamutu, akungoyang'ana.

Woyendetsa analiza hutala. Sanasunthe. Anasendeza galimoto mpaka chitsulo chakutsogolo chinagunda beseni, nsomba zinamwazika pafumbi. Sanasunthe. Ine ndinakuwa kuti achotse mwana. Msilikali anandimenya ndi chigunda cha mfuti.

Kenako mkazi mmodzi anatula dengu, anadzakhala pambali pawo. Wina anatsatira. Ena anabwera kuchokera kumsika. Sindinawawerenge, koma msewu unatsekeka.

Sarijentu anatsika. Anali wa kummwera, wosamva chilankhulo chathu kapena cha eni mzinda, maso ofiira ndi tulo. Anafunsa m'Chipwitikizi kuti kwagwanji. Sekeletaliyo anathamangira kutsogolo.

“Amayi, nkhani inatha. Pepala ndi ili, losainidwa.”

“Pepala lako silinasambitse mtembo,” anatero mayi wa nsomba. “Uwauze ashefi, bwana wa asilikaliwa, kuti ndili ndi funso limodzi kwa mwini maliro. Akayankha, ndidzuka.”

Sarijentu anayang'ana wotchi, anakweza chala chimodzi. Wa milisiya anabwera kutsogolo.

“Mwana wanga, pepa ndi maliro,” anatero mayi uja, mawu ofewa amene sindinawamvepo. “Ukuti Lolemba madzulo munadyera limodzi?”

“Tinadyera limodzi.”

“Anaphika yekha?”

“Nanga akanaphika ndani?”

“Ndi mchere womwe anathira yekha?”

“Mafunso anji amenewa? Anathira yekha. Ndinali pakhonde, ndinkamuona ndi maso angawa.”

Akazi onse mumsewu anati “Iii!” kamodzi, ngati munthu mmodzi. Amuna anayang'anana. Sarijentu anafunsa kuti akuti chiyani. Sekeletaliyo sanadziwe.

Mayi wa nsomba anaimirira. Anamasula kamtolo m'chiuno mwake. Munali nsalu ya kumwezi ya malemu. Anaikweza m'mwamba pamaso pa amuna onse, dzuwa likuswa mtengo. Amuna anatembenuza nkhope. Wina analavula. Chinthu chimenecho sichioneka kwa mwamuna, ndipo chimayenera kupita m'manda ndi mwiniwake.

“Ndinamubera wakufa, andikhululukire,” anatero. “Yang'anani! Mkazi ameneyu anali kumwezi. Sakanathira mchere. Sakanaponda m'dimba la matimati. Munthu uyu sakudziwa chifukwa pa chakudya panalibe. Anabwera pambuyo pake. Masulira, kamarada, usameze mawu.”

Sekeletaliyo anamasulira akuyang'ana nsapato zake. Atatha anawonjezera zake mokweza, kuti zimenezo ndi zikhulupiriro za makolo, boma linazithetsa, masiku ano akazi amathira mchere tsiku lililonse.

“Eti?” anatero mayi uja. “Nanga kwanu, kamarada, mwezi watha anakuthirira ndani? Ndimutchule? Ali pompano.”

Akazi anaseka, ndi asilikali ena omwe anaseka osadziwa chimene akuseka.

Koma kuseka sikutsitsa munthu m'kamiyau. Sarijentu anati akufuna munthu amene anaona ndi maso. Anati awerenga mpaka khumi, kenako galimoto idutsa, kaya pali akazi kaya palibe. Anayamba kuwerenga. Woyendetsa analiza injini.

Mtsikana wa mchere uja anali kumbuyo kwenikweni, ataima pa mtengo wa masawu. Mayi wa nsomba sanamuitane. Anangomuyang'ana. Akazi onse anatembenuka kumuyang'ana. Sarijentu anafika pa seti, kasanu ndi kawiri. Mkazi wanga ananyamula mwana, anamuika pafumbi patsogolo pa gudumu, anachotsa manja.

Ndinatseka maso.

“Ndinathira ndine.”

Mawu ake anali aang'ono ngati a mwana. Anabwereza. “Mchere ndinathira ndine. Iwo kunalibe. Chakudya chawo tinachivundikira. Anabwera anthu atatseka zitseko, ndinamva akumenyana.”

Atangotero ena anamasuka. Wina anati anamuona akutsuka kalinyu pachitsime kusanayere bwino. Wina anati nayenso. Wachitatu anati madzi ake anali ofiirira. Mayi wa nsomba anati, “Ashefi, muuzeni akwinye malaya. Kwatentha.”

Wa milisiya anayamba kutsitsa mfuti paphewa. Sindidziwa amene ankafuna kuwombera. Msilikali amene anali kumbuyo kwake anafulumira, anamugwetsa. Anamung'amba malaya. Mikono yonse iwiri ndi pakhosi zinali zokalidwa, mizere mizere, yoyamba kuuma.

Sarijentu anatenga pepala kwa sekeletaliyo. Analiwerenga. Anati pepala likunena munthu mmodzi wa bairo lino, ndipo iye atenga munthu mmodzi. Anabwereka cholembera m'thumba la sekeletaliyo, anafafaniza, analemba pamwamba. Mlandu wonse unali umenewo. Anandimasula waya, anamumanga nawo wa milisiya.

Ndikutsika, mmodzi mwa amuna atatu aja anandigwira mwendo ndi manja ake omangidwa. Anali wachikulire, wa ku Tsangano, ndinamva pa kalankhulidwe.

“Achimwene,” anatero, “auzeni amayi amenewo abwerenso ku bairo lathu.”

Ndinatsika. Akazi anali atayamba kudzuka, akutola nsomba pafumbi. Kamiyau inadutsa ndi anthu anayi.

Chimene anamuphera mkazi wake sindinachimve bwino mpaka lero. Ena ankati anzake a milisiya ankamunyoza kuti amagona ndi mdani. Ena ankati mkaziyo anamuuza kuti akubwerera kwawo. Mwiniwake sanabwereko kuti anene.

Patapita masiku ndinasenza thumba la mbatata kupita nalo kwa mayi wa nsomba. Ndinamupeza akuchokera kumanda, kumene anakakwirira nsalu ija pambali pa mwiniwake.

“Ndabwera kuthokoza, amayi.”

“Sindinachitire iwe. Ndinachitira amene ndinamusambitsa.” Anatsegula thumba, anatola imodzi, anaifinya. “Zazing'ono. Tula apo.”

Anapitiriza kunditchula wa mbatata mpaka imfa yake. Manda ake ndinakumba nawo. Abale ake anang'ung'udza, koma palibe anandilanda khasu.

Mtsikana wa mchere uja ali moyo, ndi gogo tsopano ku Mpadue. Tikakumana timapatsana moni, basi. Mkazi wanga anamwalira zaka zapitazo. Za mwana pafumbi paja sitinakambiranepo ngakhale kamodzi. Mwanayo ndi bambo wa ana anayi, lamba uja amavala, nkhaniyo saidziwa. Aidziwa akawerenga pano.

Mtendere utabwera ndinapita ku bairo la mkulu wa ku Tsangano uja. Ndinafunsa nyumba ndi nyumba masiku awiri. Dzina lake sindinkalidziwa, ndinkangofotokoza nkhope. Palibe anamukumbuka.